Sikelo ya Ophunzira ndi Sikelo ya Amayi

Kale munthu akafuna kudziŵa kukula kwa katswiri wa maphunziro, ankafunsa akatswiri anzake, kapena ankakhala pansi n'kuŵerenga zimene katswiriyo adalemba. Masiku ano padapezeka njira yachidule. Munthu amangolemba dzina la katswiriyo pa Google Scholar, ndipo nthaŵi yomweyo pamatuluka manambala osonyeza kuti zolemba zake zatchulidwa kangati ndi anzake. Manambala ameneŵa ndiwo amatsogola pamene wina afuna kukwezedwa pa yunivesite, pamene apempha ndalama za kafukufuku, ngakhalenso pamene akumuonetsa kwa anthu pa msonkhano. Ife tifuna tiiyang'ane bwino sikelo imeneyi, makamaka pamene ikuyeza anthu ofufuza za ndondomeko za umoyo, ndiye kuti anthu amene ntchito yao ndi kuthandiza boma kusankha zochita: mankhwala ati agulidwe, anamwino atumizidwe kuti, odwala alipire kapena asalipire.

Poyamba timvetse chimene chimaŵerengedwa. Wofufuza akatsiriza ntchito yake amailemba m'pepala, nalitumiza ku magazini ya akatswiri. Kumapeto kwa pepalalo amandandalika mapepala a anzake amene adamthandiza, kapena amene iye akuŵatsutsa. Pepala likaoneka pa mndandanda wotere, timati latchulidwa. Amene adaganiza zoŵerenga kutchulidwa kumeneku ndi Eugene Garfield wa ku America, yemwe adafotokoza maganizo ake m'magazini ya Science mu 1955, ndipo mu 1964 bungwe lake la ku Philadelphia lidatulutsa mabuku a Science Citation Index. Nzeruyi adaitengera kwa maloya a kwao, amene anali ndi mabuku osonyeza milandu yonse imene idatsamira pa chigamulo cha mlandu wina wakale. Cholinga cha Garfield chinali chakuti woŵerenga athe kulondola mapazi a ganizo, aone kumene lidafika ndi amene adalikonza kapena kulikana. Chinali chida cha m'laibulale.

Koma chida chikakhala chakuthwa, anthu sachedwa kuchipezera ntchito ina. Pofuna kusankha magazini oyenera kuloŵa m'mabuku ake, Garfield ndi mnzake Irving Sher adapanga muyeso wotchedwa impact factor, umene umaŵerenga kuti mapepala a magazini ina, osindikizidwa m'zaka ziŵiri zapitazo, atchulidwa kangati chaka chino. Posakhalitsa muyeso wa magazini udasanduka muyeso wa munthu wolemba m'magaziniyo. Tsono mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi ku San Diego, adabweretsa h-index, nambala imodzi yomanga pamodzi kuchuluka kwa mapepala ndi kutchulidwa kwake. Munthu amene h-index yake ndi 20 ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Popeza Google Scholar ndi Scopus zinali zitayamba kale mu 2004, nambala imeneyi idafala ngati moto wa m'tchire mwezi wa Okutobala.

Tisafulumire kuinyoza sikeloyi, pakuti amene adaikonda sanali opusa. Tonse tikudziŵa m'mene kukondera kumayendera pakati pa anthu: wina akwezedwa chifukwa ndi mphwake wa bwana, wina chifukwa ndi wa kumudzi kwao, wina chifukwa amadziŵa kuseka pamene bwana wanena nthabwala. Mtsikana amene alibe mbale m'komiti angathe kuloza nambala yake nati, “Taonani, anthu amene sanandionepo nkhope akugwiritsa ntchito zimene ndidapeza.” Imeneyo ndi mphamvu yeniyeni, ndipo amene afuna kutaya manambala onse atiuze kaye kuti mtsikanayo adzamteteza ndani. Palinso vuto la nthaŵi. Komiti imene yalandira makalata mazana aŵiri singathe kuŵerenga zolemba za aliyense.

Komabe tiyenera kufunsa kuti kwenikweni nambalayi imaŵerenga chiyani. Mu 2014 magazini ya Nature idasindikiza mndandanda wa mapepala 100 otchulidwa koposa onse m'mbiri ya sayansi. Pamwamba penipeni panali pepala la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni m'labotale, limene linali litatchulidwa koposa ka 300,000. Pepala la Watson ndi Crick la mu 1953, limene lidaulula kapangidwe ka DNA, silidaloŵe n'komwe pa mndandandawo. Chifukwa chake n'chosavuta. Aliyense wogwiritsa ntchito njira ya Lowry amayenera kuitchula, monga m'mene mmisiri amanenera dzina la chida chimene wabwereka, pamene chinthu chimene aliyense adachivomera kale sichifunanso kutchula mwini wake. Ndiponso kutchulidwa si kuyamikiridwa nthaŵi zonse. Pepala la Andrew Wakefield la mu 1998, limene lidakaikitsa makolo za katemera wa chikuku, lidachotsedwa ndi magazini ya The Lancet mu 2010, koma anthu adapitirizabe kulitchula, ambiri mwa iwo polidzudzula, ndipo makina oŵerengera sasiyanitsa kudzudzula ndi kuyamikira. Makinawo amapusitsikanso. Mu 2010 Cyril Labbé wa ku Grenoble adapeka wofufuza wonama, namutcha Ike Antkare, nampangira ndi kompyuta mapepala opanda tanthauzo oposa 100 otchulana okhaokha. Google Scholar idampatsa munthu wosakhalapoyo h-index ya 94.

Zonsezi zimakhudza ofufuza a mitundu yonse. Koma wofufuza za ndondomeko za umoyo ali ndi vuto lakelake, ndipo ndilo latikhalitsa pansi kulemba. Katswiri wa fizikisi amalembera akatswiri anzake, kotero kuti anzakewo akamtchula ndiye kuti mau ake afika kumene amapita. Wofufuza za ndondomeko amalembera anthu amene satchula munthu. Mlembi wamkulu wa unduna akalamula kuti mankhwala asinthidwe, salemba mndandanda wa mapepala kumunsi kwa kalata yake. Namwino wa ku chipatala chaching'ono chakumudzi amatsata buku la malangizo limene pachikuto pake pali chizindikiro cha boma, osati maina a amene adalilemba. Ntchito ikamayandikira kwa wodwala, dzina la mwini wake limanka lizimirira.

Taonani nkhani ya Dilip Mahalanabis, dokotala wa ana wa ku India. Mu 1971, pa nkhondo imene idabala dziko la Bangladesh, anthu mamiliyoni adathaŵira ku India, ndipo kolera idabuka m'misasa yao. Mahalanabis ankathandiza odwala ku Bangaon, pafupi ndi malire, pamene madzi a diripi sankakwanira. Ofufuza ena, monga David Nalin ndi Richard Cash, anali atasonyeza kale mu 1968 kuti madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga angathe kupulumutsa wodwala kolera pongomwa, koma ambiri ankati zimenezi n'zofunika maso a dokotala. Mahalanabis adasakaniza madziwo m'migolo, nauza abale a odwala kuti aziŵamwetsa okha. Mwa odwala oposa 3,000 amene adathandizidwa motero, adamwalira anali pafupifupi 4 pa 100 alionse, pamene kale ankafika pa 30. Zimene adaona adazisindikiza mu 1973 m'magazini ya Johns Hopkins Medical Journal. Pambuyo pake, kuyambira mu 1980 mpaka mu 1990, bungwe la BRAC lidatuma amayi kuyenda khomo ndi khomo m'Bangladesh kuphunzitsa mabanja pafupifupi 12 miliyoni kusakaniza madziwo. Mwa mabanja onsewo palibe ndi limodzi lomwe limene lidaonjeza kanthu pa nambala ya Mahalanabis, ndipo mayi wa ku Nsanje wosungunula paketi ya Thanzi usiku saonjezapo kanthu. Boma la India lidampatsa ulemu wa Padma Vibhushan mu Januwale 2023, iye atamwalira kale mu Okutobala 2022.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo china chimene tiyenera kuchifotokoza modekha, chifukwa chimasonyeza mbali zonse ziŵiri za nkhaniyi. Mu 2010 bungwe la WHO lidapereka malangizo a njira ziŵiri zotetezera mwana kuti asatenge kachilombo ka HIV kwa mayi wake, njira A ndi njira B. Zonse ziŵiri zinkafuna kuti mayi woyembekezera ayezedwe kaye chitetezo cha m'thupi, CD4, ndipo ikapezeka pa 350 kapena kutsika ayambe kumwa ma ARV kwa moyo wake wonse, koma ikakhala yokwera alandire mankhwala a kanthaŵi chabe. Papepala malangizowo anali abwino. Koma m'zipatala zambiri zazing'ono za m'Malaŵi munalibe makina oyezera CD4. Magazi ankayenera kutumizidwa kutali, zotsatira zinkachedwa kapena kusoŵa, ndipo amayi ambiri ankachira asanayambe mankhwala. Kuonjezera apo, mayi wa ku Malaŵi pa nthaŵiyo ankabereka ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, nayamwitsa aliyense pafupifupi zaka ziŵiri, kotero kuti mankhwala a kanthaŵi akadakhala oyamba ndi kuleka, kuyamba ndi kuleka, zaka zambirimbiri.

Akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi alangizi ao adasankha njira imene sinali m'malangizo a WHO. Adati mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka ayambe ma ARV, piritsi limodzi pa tsiku, kwa moyo wake wonse, popanda kudikira CD4. Njirayi adaitcha B+, ndipo idayamba mu Julaye 2011. Dziko la Malaŵi lidali loyamba kuichita, ndipo akatswiri ena a kunja adaikaikira, ati panalibe kafukufuku wokwanira woitsimikiza. M'chaka chomwecho Erik Schouten ndi anzake adafotokoza zifukwa zake mu The Lancet. Lipoti la Frank Chimbwandira ndi anzake la mu 2013 lidasonyeza kuti amayi oyembekezera ndi oyamwitsa oyamba ma ARV adakwera kuchoka pa 1,257 m'miyezi ya Epulo mpaka Juni 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya Julaye mpaka Seputembala 2012. Maiko ena adatsatira, ndipo mu 2013 WHO idaika njirayi m'malangizo ake.

Wina anganene kuti pamenepa sikelo ya ophunzira idachita bwino, pakuti mapepala a B+ adatchulidwadi kwambiri. Zoona. Koma tiyang'ane dongosolo la zinthu. Chigamulo chidayamba, mapepala adatsatira. Ntchito imene idasintha moyo wa amayi idachitika m'misonkhano ya unduna, m'kulemba buku latsopano la malangizo, m'kuŵerengera kuti mapiritsi adzafunika angati ndi ndalama zidzachokera kuti, m'kuphunzitsa anamwino ndi madokotala zikwi zingapo m'miyezi yoŵerengeka, ndiponso m'maulendo a miyezi itatu iliyonse oyendera zipatala kukaona makaundula. Zonsezi ndi ntchito ya nzeru, yofuna munthu wodziŵa kufufuza, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimaonjeza h-index ya munthu. Amene adathera chaka chathunthu pa buku la malangizo, ndi amene adathera chaka chomwecho kulemba mapepala asanu onena za bukulo, akakumana pamaso pa komiti ya yunivesite, wachiŵiriyo ndiye amaoneka wolimbikira. Sikeloyo idayeza phokoso limene lidamveka pambuyo pake m'magazini a ku London ndi ku America. Za zimene zidachitika pa sikelo ya amayi apakati ku Ntchisi kapena ku Mangochi, iyo idangomva mphekesera.

Choopsa chachikulu chili pa achinyamata. Wophunzira amene wangotsiriza digiri yake ya udokotala wa maphunziro si wopusa, ndipo amaona msanga chimene chimalipira. Amaona kuti pepala loyerekeza maiko makumi asanu pogwiritsa ntchito manambala otola pa intaneti lidzatchulidwa kambiri, chifukwa aliyense m'maiko makumi asanuwo angathe kulitchula, pamene kafukufuku wofunsa chifukwa chimene mankhwala amathera pa chipatala cha boma limodzi adzaŵerengedwa ndi anthu khumi okha. Kuti mwa anthu khumiwo muli mkulu woyang'anira zaumoyo m'bomalo, amene angathe kukonza vutolo maŵa lomwe, nambala siidziŵa. Amaonanso kuti zaka ziŵiri za impact factor n'zazifupi, pamene ndondomeko ya boma imatha kutenga zaka khumi kuti zipatso zake zioneke. Motero pang'onopang'ono mafunso amene iye amafunsa amakhala aja okondweretsa akonzi a magazini akutali. Mu 2019 Seye Abimbola, dokotala wa ku Nigeria amene pa nthaŵiyo anali mkonzi wamkulu wa BMJ Global Health, adalemba za matenda ameneŵa: wofufuza wa kuno amayamba kulemba ngati kuti mlendo waimirira kumbuyo kwake, nasankha mitu ndi mau oti amkomere mlendoyo. Sitikunena kuti mlendo ndi mdani. Kafukufuku wambiri wabwino wa m'dziko lino adachitika mogwirizana ndi alendo, ndipo makolo adati mlendo ndiye ayenda ndi lumo lakuthwa. Koma mutu wometedwawo ndi wathu, ndipo ndife tiyenera kunena pamene payabwa.

Akatswiri eni ake adaliona vutoli. Mu Disembala 2012 gulu la akonzi ndi ofufuza lidakumana ku San Francisco n'kulemba chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti impact factor ya magazini isagwiritsidwe ntchito poyeza munthu. Mu 2015 Diana Hicks, Paul Wouters ndi anzao adatulutsa mfundo khumi za Leiden Manifesto, ndipo yoyamba mwa izo imanena kuti manambala azithandiza chiŵeruzo cha akatswiri, asachiloŵe m'malo. Ngakhale Hirsch mwini wake mu 2020 adavomera kuti nambala yake ingathe kusokeretsa koopsa. Dziko la Britain lidayesa njira ina. Poyeza mayunivesite ake mu 2014, lidapereka magawo 20 pa 100 alionse ku nkhani zosonyeza m'mene kafukufuku adasinthira moyo wa anthu kunja kwa yunivesite, ndipo mu 2021 lidakweza magawowo kufika pa 25. Mu 2014 nkhani zotere zidaperekedwa pafupifupi 7,000, ndipo ntchito yonse yoyezayo idadya mapaundi pafupifupi 246 miliyoni. Si njira imene dziko losauka lingangoitengera monga ilili.

Ndiponso tisadzinamize kuti kuyeza phindu la pa ndondomeko n'kosavuta. Mutu umodzi susenza denga, ndipo B+ idasenzedwa ndi mitu yambiri. Nanga ulemu wake tiugaŵa bwanji? Pali wofufuza amene adalangiza zoona, koma nduna idakana chifukwa cha ndale; kodi ameneyo walephera? Pali wina amene kafukufuku wake adaletsa boma kugula makina odula opanda phindu. Chipatso cha ntchito yake ndi chinthu chimene sichidachitike, ndipo chosachitika sichisiya mapazi. Palinso choopsa chakuti tikayamba kuyeza munthu ndi makalata omuyamikira ochokera ku unduna, tidzalera ofufuza oopa kunena zoipa za boma, ndipo kukondera kuja tidakuthamangitsa pakhomo kudzaloŵera pa zenera. Tsopano kuli makampani amene amaŵerenga kuti pepala latchulidwa kangati m'zikalata za maboma kapena m'manyuzipepala. N'zothandiza pang'ono, koma katswiri wa zachuma Charles Goodhart adachenjeza kale mu 1975 kuti muyeso uliwonse ukasandutsidwa chandamale umaleka kunena zoona. Amene adaphunzira kusaka kutchulidwa m'magazini sadzavutika kuphunzira kusaka kutchulidwa m'malipoti.

Chimene ife tingapemphe kwa makomiti a mayunivesite athu ndi kwa opereka ndalama za kafukufuku n'chochepa, koma chimafuna thukuta. Wopempha kukwezedwa asankhe ntchito zake zitatu kapena zinai zimene iye amaziyesa zopambana, kaya ndi pepala la m'magazini, kaya ndi buku la malangizo, kaya ndi lipoti la masamba anai lopita kwa mlembi wamkulu, ndipo afotokoze funso limene ankayankha, amene adalifunsa, ndi chimene chidachitika pambuyo pake. Komitiyo iŵerengedi ntchitozo, ndipo pakati pa oŵerengawo pakhale mmodzi amene adayendetsapo chipatala. Manambala akhalepo, koma abwere pambuyo, ngati mboni imodzi mwa mboni zingapo. Njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo pamafunika kuti zifukwa za chigamulo zilembedwe poyera kuti mtsikana wopanda mbale uja athe kudandaula ngati alakwiridwa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo komiti imene ilibe nthaŵi yoŵerenga ntchito zinai za munthu tikaika ngati ili ndi ufulu womuŵeruza.

Nkhani ya B+ sidathere pa chikondwerero. Mu 2014 Lyson Tenthani ndi anzake adasanthula makaundula a amayi 21,939 amene adayamba mankhwala mwa njirayi, napeza kuti pafupifupi 17 pa 100 alionse anali atasoŵa pofika miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ambiri mwa iwo sadabwerenso chilandirire mapiritsi oyamba. Manambalawo adachokera m'makadi odzazidwa ndi manja a anamwino ndi alembi a m'zipatala, amene maina ao sali pa pepala lililonse. Funso limene lidatsala linali lakuti amayiwo adapita kuti, ndipo chifukwa ninji. Ena adauzidwa za kachilomboka ndi kupatsidwa mapiritsi tsiku lomwelo, mtima usanakhazikike. Ena ankaopa kuuza amuna ao, ena ankadzimva kuti ali bwinobwino, ena ankasoŵa ndalama yoyendera. Mayankho otere amapezeka pokhala pa benchi ya ku sikelo m'maŵa wonse, kucheza ndi amayi m'Chicheŵa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, kenaka n'kubwerera kwa mkulu wa chipatalacho kukakambirana kuti tsiku loyamba lija lizikonzedwa bwanji.